Mphindi Zitatu Zopanda Malonje

Sabata ino ndaona ukwati ukugwedezeka usanayambe n'komwe, ndipo chaugwedeza si mowa, si chibwenzi cha mseri, koma limu ya galimoto.

Mundimvetse. Loweruka lapitali kuno ku Ngabu kunabwera ana a sukulu ya ukachenjede, aja amene digiri imodzi sinawakwane ndiye anabwereranso kukatenga yachiwiri. Anabwera ndi mpikisano wachilendo. Aliyense aimirire pamaso pa ife anthu wamba, afotokoze kafukufuku wake yense, zimene wakhala akusakasaka zaka zonsezi, m'mphindi zitatu zokha. Chingerezi ayi. Chichewa kapena Chisena, kuti ngakhale amayi ogulitsa milamba yowamba pamsika amve.

Mphindi zikakwana, belu. Ndiye poti sukulu imene anabwerekako holo ilibe belu la m'manja, anakatsitsa limu ija imapachikidwa mumtengo wa nimu, n'kuikoleka pakhomo. Pambali pake panaima mayi wina wa magalasi, mmodzi wa aphunzitsi awo, foni kumanzere, chitsulo kumanja. Nkhope yake inali ya munthu amene sanasekepo chibadwire.

Ine mipikisano sindiitsata. Chinandipititsa ndi Lusiya, mwana wa mlongo wanga, amene anali mmodzi wa opikisanawo. Ndine malume ake, ndinenso nkhoswe yake, chifukwa pali mnyamata wa ku Kasisi, Tomasi, wogwira ntchito mu ofesi ku esiteti ya nzimbe, amene anagogoda kale pakhomo pathu. Zokambirana zinayenda bwino, chinatsala n'kutchula tsiku la chinkhoswe basi. Ndiye bambo ake a Tomasi, a Alufandika, atamva za mpikisanowu anati abwera okha adzamumve mpongozi wawo akulankhula.



A Alufandika anali kapitawo ku esiteti, pano anapuma, ndi mkulu wa mpingo, ndipo ndi iwo amene amaitanidwa kukalankhula m'malo mwa banja pa maliro ndi pa ukwati. Akaimirira n'kunena kuti “ine ndilibe mawu ambiri,” azimayi amayamba kuyang'anayang'ana mthunzi wina, chifukwa akudziwa kuti umene akhalapowo usuntha mkuluyo asanamalize. Munthu wotereyu ndiye kumuika mu holo momwe muli mayi wa chitsulo?

Anafika atavala jekete, kutentha konse kuja, Tomasi ali pambuyo atawanyamulira chipewa. Anawapatsa mipando yakutsogolo limodzi ndi akuluakulu ena. Ine ndi mlongo wanga tinakhala chakumbuyo, pafupi ndi zenera, pofuna kamphepo kamene sikanabwere.

Woyamba kulankhula anali mnyamata wamtali, wa suti yakuda, thukuta kamukamu. Anatsokomola pang'ono, n'kuwerama.

“Ndisanayambe, ndiloleni ndipereke ulemu. Olemekezeka mlendo wathu wolemekezeka, mafumu onse amene muli pano, abusa a mipingo yosiyanasiyana, aphunzitsi aakulu a pasukulu pano ndi owatsatira awo, a komiti ya makolo, a komiti ya msika, a zaumoyo, a zaulimi…”

Mayi wa chitsulo anasuzumira foni. Mnyamata ali pakalikiliki. Anapatsa moni a kabaza, anapatsa moni amayi ndi abambo, anyamata ndi asungwana, anathokoza Mulungu potidzutsa amoyo, anathokoza makolo ake amene sanathe kubwera chifukwa cha zifukwa zina. Kenako anapuma mpweya wautali, n'kuwongola tayi.

“Tsopano, mutu wa kafukufuku wanga ndi…”

Ngweee!

Abale, limu imalira mosiyana mukaiika m'nyumba ya malata. Mwana wina anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Mnyamata uja anangoti kakasi, kukamwa yasa, mutu wa kafukufuku uli pakhosi. Mpaka lero sitikudziwa kuti anafufuza chiyani. Mwina anapeza mankhwala a malungo, mwina njira yoti Shire asamasefukire. Zinapita naye pa minibasi.

Koma amene anaomba m'manja kwambiri mu holo monse anali a Alufandika. Ndinawamva ndili kumbuyo konse kuja akuti, “Mwana woleredwa uyu! Pyadidi, zabwino zedi!”

Mlongo wanga anandigwira pamkono. “Achimwene, Lusiya munamuuza kuti apongozi ake awatchule?”

Ndinamuuza ndithu. M'mawa womwewo ndinamukokera pambali n'kumuuza kuti, mwana iwe, ngakhale kadzina kokha. Iye anandiyankha kuti, “Malume, zaka zanga zonse ndazipanikiza m'mphindi zitatu. Mulibe malo ngakhale a chifuwa.” Ine ndinkati akuseka.

Atamuitana anayenda mpaka kutsogolo, anaima, anatiyang'ana. Ndinadikira “olemekezeka.” Sanabwere.

“Ndani muno,” anatero Lusiya, “anaphikapo nyemba ndi madzi a pamjigo, mtolo wonse wa nkhuni n'kutha, nyemba zili gwa?”

Azimayi anayamba kuseka, manja m'mwamba.

“Ndani anachapapo, sopo n'kukana kuchita thovu? Ndani ali ndi mjigo pakhomo pomwepa, wokongola, wa simenti, koma madzi akumwa amakatunga kutali chifukwa apafupiwo ndi amchere?”

Manja anachuluka. Ndi abambo omwe, amene sadziwa n'komwe kulemera kwa chigubu, anakweza.

Ndiye anafotokoza. Anati pansi pa chigwa chathu chino pali malo a dongo ndi malo a mchenga. M'dongo madzi sayenda, amangokhala, dzuwa lathu lino n'kumawakoka pang'onopang'ono, mchere n'kutsalira. Mumchenga, mmene kale munkadutsa timitsinje timene tinakwiririka, madzi amayenda, n'chifukwa chake amakoma. Vuto ndi lakuti pamwamba ponse pamaoneka chimodzimodzi. Ntchito yake iye ndi kufufuza njira yodziwira pamene pali mchengawo anthu asanaboole.

“Kuti mjigo,” anatero pomaliza, “uzikumbidwa pamene pali madzi, osati pamene pali nyumba ya munthu wolemekezeka. Zikomo.”

Mayi wa chitsulo anatsitsa mkono osamenya kanthu. Holo inaphulika. Nthungululu, mluzu, ena akumenya mabenchi. Mlongo wanga, amene zaka zonsezi akafunsidwa kuti mwana wanu amaphunzira chiyani amayankha kuti “za zitsime, kaya,” anali akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. “Ndiye zimenezi?” anatero. “Bwanji sankanena chonchi kunyumba?” Kunena zoona inenso mtima unadzadza. Ndinanyada, ndinanyada zedi.

Chikho sanatenge. Chinapita kwa mnyamata wina wofufuza za mbozi za m'chimanga, wochenjera, amene malonje ake onse anali akuti, “Moni nonse, kuyambira akuluakulu ali kutsogoloku mpaka mbuzi zili panjazo.” Lusiya anakhala wachiwiri, ndipo sizinamuwawe.

Zowawa zinkandidikira ine panja, pansi pa nimu.

“A nkhoswe, tabwerani,” anatero a Alufandika, akudzikupiza ndi chipewa. Tomasi anali chapatali, akukanda nthaka ndi nsapato.

“Wawa, bambo.”

“Mwana walankhula za nyemba uja ndi wanu?”

“Ndi wathu, bambo. Ndi wanunso.”

“Wanga nkhabe, si wanga ayi. Ife anationa?”

“Anakuonani, bambo, koma nthawi…”

“Nthawi! Munthu kungodzuka, pamaso pa mafumu, pamaso pa abusa, pamaso pa bambo a mwamuna amene akufuna kumukwatira, n'kuyamba kufunsa za sopo ngati akulankhula ndi nkhuku? Mnzake uja nthawi anaipeza kuti? Za chinkhoswe zija tiyambe taima kaye.”

Anavala chipewa, n'kumapita.

Tsopano inu owerenga, tiyeni tiuzane zoona, pano palibe mafumu.

Kodi ife timaimirira pagulu kuti tinene kanthu, kapena kuti titchulane? Mnyamata wa suti uja tinamuseka, inde, koma anachita chiyani chachilendo? Anachita zomwe waona chikulire chake. Kusiyana kwake n'kwakuti tsiku limenelo panali munthu wa chitsulo.

Pali mawu amene m'dziko muno anasiya kalekale kutanthauza zimene amanena. Loyamba ndi “mwachidule.” Munthu akati alankhula mwachidule, vulani nsapato. Lachiwiri ndi “pomaliza.” Pomaliza wathu ali ndi ana: pali “pomaliza penipeni,” pali “ndisanakhale pansi,” ndiye pali chidzukulu, “ndatsala pang'ono kuiwala.” Ndipo woopsa kuposa onse ndi uja amati, “anzanga anena kale zonse, ine ndingotsindikapo.” Ameneyo amayambira pachiyambi.

Ndinapitako ku maliro ena chaka chatha, mwezi wotentha uja mbuzi zimabisala pansi pa ngolo. Analankhula wa kuchimuna, wa kuchikazi, wa kumpingo, wa kuntchito, wa chipani, ndi wa chipani china poopa kuoneka wochepa. Aliyense anayamba n'kutchula onse amene alankhula kale ndi onse amene alankhule pambuyo pake. Gogo wina anakomoka, anachita kumuthira madzi. Titabalalika ndinafunsa mnzanga kuti kodi malemuwa anadwala chiyani. Anati, “Aaa, sananene.”

Misonkhano ya chitukuko ndiye musanene. Galimoto zimabwera zitandondozana, fumbi koboo, kudzatiuza za mlatho. Malonje amatenga m'mawa wonse, magule masana, ndipo za mlathowo zimanenedwa anthu akukwera kale njinga. Mwina n'chifukwa chake timatchulana chonchi: ukatha nthawi yonse m'maina, palibe amene angakufunse kuti mlathowo uyamba liti.

Musandione ngati wakunja. Malonje ndimawadziwa kukoma kwake. Inenso akanditchula pa ukwati kuti “a malume a mkwatibwi ali pano,” khosi limatalika. Kwa munthu ngati a Alufandika, amene anatha moyo wake akuitanidwa ndi azungu a ku esiteti ndi mluzu, kutchulidwa dzina pagulu si nkhani yaing'ono. Koma ndinaona ndi maso anga amayi a pamsika, otuluka mu holo muja, akukangana za dongo ndi mchenga ngati akukangana za mtengo wa tomato. Ndi liti munaona anthu akutuluka pa msonkhano akukambirana zimene zanenedwa, osati zimene zaphikidwa?

Ophunzira nawonso asaseke msanga. Iwo malonje awo ndi Chingerezi chija chimayamba Lolemba n'kukafika pa mfundo Lachinayi. Mukawachotsera chimenecho ena mumapeza kuti m'kati munalibe kanthu. Limu siyang'ana nkhope.

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanagula malimu ambirimbiri. Imodzi kumanda, imodzi ku holo ya ukwati, ina kutchalitchi pa nthawi ya zolengeza, ndipo yaikulu kwambiri, ya thirakitala, ndikanaitumiza ku Lilongwe. Mayi wa magalasi uja ndikanamulemba ntchito ya boma.

Koma zonsezi ndi zokamba za m'nyuzipepala. Pakhomo panga panali mlongo wanga akulira kuti mwana wake wataya banja chifukwa cha nyemba. Unkhoswe ndi umenewo. Lachiwiri ndinakwera minibasi, kenako kabaza, ulendo wa ku Kasisi.

A Alufandika anandilandira pakhonde. Anandipatsa malonje onse, inenso ndinabweza onse, mpaka ng'ombe tinazifunsa. Kenako anati alankhula mwachidule. Ndinakhazikika.

Anayamba ndi mmene iwo analeredwera. Anadutsa pa ana a masiku ano, mafoni, mathalauza a akazi, ndi kwaya zovina. Mayi a Tomasi anabweretsa thobwa, tinamwa, anachotsa makapu. Dzuwa linachoka pa mapazi anga kufika m'mawondo. Ine ndinkangoti “zoona, bambo,” “n'chimenecho, bambo,” maso akulemera.

Kenako ndinamva mawu asintha.

“Ndiye akuti m'dongo madzi sayenda. Akuti amangokhala, dzuwa n'kumakoka, mchere n'kutsala. Mjigo wa kutchalitchi kwathu uja, a nkhoswe, pamene tinauika paja ndi dongo lokhalokha. Timaumbirapo njerwa. Koma kumunsi kuja, kumene ana amakumba mchenga…”

Anaima. Anazindikira kuti ndawayang'ana.

“Munamva zonse, bambo?”

“Makutu ndili nawo. Kumva ndi kwina, ulemu ndi kwina.”

Mayi a Tomasi, amene ankasesa pafupi mwadala, anaseka. “A nkhoswe, musawamvere awa. Chibwerere ku Ngabu nkhani ndi ya dongo yomweyi. Dzulo anatenga khasu kupita kumunsiko, akuti akaone.”

“Iwe, ndikulankhula ndi alendo!”

Mjigo umenewo, ndinamva pambuyo pake, madzi ake ndi amchere, anasankha malo ake ndi a Alufandika omwe, ndipo azimayi a mumpingo sanasiye kuwanena mpaka pano. Nkhoswe yanzeru siseka pamene yapambana.

Tinamvana chonchi: Lusiya apite ndi mayi ake, akagwade, akapereke moni woyenera, akapepese pang'ono. Zikatero tsiku la chinkhoswe litchulidwa. “Ndipo akabwera,” anatero a Alufandika akundiperekeza, maso ali kumbali, “adzafike kumunsi kuja. Kungoona chabe.”

“Takhuta, bambo,” ndinathokoza m'Chisena chawo, ndipo pa kabaza ndinkaimba nyimbo.

Lusiya ndinamupeza kwa mayi ake, atakhala pamphasa akusankha mpunga. Ndinamufotokozera zonse, ndi za khasu zomwe. Anaseka mpaka mpunga kutayika.

“Ndiye wapulumuka, mwana iwe,” ndinatero. “Ukangogwada, basi.”

“Kugwada ndikagwada, Malume. Ndi akulu, ndipo anandimvera. Kupepesa sikundivuta.”

“Ndiye titchule tsiku?”

Anapitiriza kutola timiyala mu lichero.

“Tsiku ayi. Muyambe mwadikira.”

“Iwe! Ine fumbi lonseli ndamwera chiyani?”

“Malume, inu munakhala kumbuyo, munkaona makosi. Ine ndinali kutsogolo, ndinkaona nkhope. A Alufandika anakwiya, inde, koma maso awo anali pa ine kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tomasi sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.”

“Mwina manyazi, ukudziwa anyamata…”

“Ankayang'ana bambo ake. Anthu akaseka, iye amayamba waona ngati bambo ake aseka. Anthu ataomba m'manja, iye anakweza manja, anaona manja a bambo ake ali pamiyendo, n'kubweza ake. Ndinaona, Malume. Zoti ndilankhula chonchija ankazidziwa, ndinayeserera pamaso pake kangapo, ndipo ankati zili bwino, usasinthe kanthu. Chichokere pa holo paja sanandiimbire. Akudikira amve kuti bambo ake agamula zotani.”

Mlongo wanga anayamba kutola mpunga wotayika uja. Ine ndinayang'ana nkhuku.

“Sindikuti ndamukana,” anatero Lusiya. “Ndimamukonda, ndipo zikundipweteka. Koma zinali mphindi zitatu zokha. Ngati analephera kukhala mbali yanga mphindi zitatu, ndikalowa m'nyumba imeneyo ndizikayang'ana kwa ndani?”

Ndakhala nkhoswe maukwati angapo, koma apa ndinaphonya. Ndinathamangira kukanyengerera mkulu wa jekete, kuganiza kuti mlandu uli pamenepo, pamene mwana wa mlongo wanga anali atanyamula wina umene palibe aliyense mu holo muja anauona.

Loweruka likubwerali ndikwereranso ku Kasisi, kukawauza a Alufandika kuti mpongozi wawo abwera, adzagwada, ndipo kumunsi kuja adzafikako, koma nkhuku za chinkhoswe asayambe kugwira. Adzandifunsa kuti nanga chatsala n'chiyani, ndipo Tomasi adzakhala ali pomwepo pakhonde, atakhala kumbuyo kwa bambo ake.

Inu mukuti ndikayankhe ndikuyang'ana ndani?